Mutu 9: Zimphwa ndi Bowa Wobisika M'mizu

Ku Bangwe malo olima ndi ochepa. Nyumba zidathinana kuyambira kumsewu wa Midima kukwera mpaka m'mbali mwa phiri, moti munthu wofuna ndiwo zakezake amatsala ndi kadanga ka kuseri kwa bafa, kamzere ka m'mphepete mwa mpanda, kapena matumba angapo odzaza dothi pafupi ndi khonde. Pamalo otere ambiri amafesa mpiru, repu ndi chainizi chifukwa sizichedwa kulowa mumphika. Koma ndiwo zimenezi sizikhalitsanso. Zikangotulutsa maluwa, basi, munthu ayambirenso kufesa. Zimphwa zimafuna kudekha miyezi iwiri kapena itatu yoyamba, kenako mtengo womwewo umapereka zipatso sabata ndi sabata kwa miyezi ingapo. Popeza malowo sangakule, chotsala n'chakuti mtengo uliwonse ubereke zochuluka, ndipo zimenezi zimadalira kwambiri zochitika pansi, m'mizu, kuyambira tsiku limene njere yagwera m'dothi.

Zimphwa ndi mbewu ya konkuno. Mabilinganya adachokera ku Asia, tomato ndi mbatatesi ku South America, koma zimphwa adayamba kuzilima ndi makolo a mu Africa muno, posankha mibadwomibadwo kuchokera ku kachitsamba kakutchire kotchedwa Solanum anguivi, kobereka tizipatso ting'onoting'ono towawa kwambiri. Akatswiri a zomera amazitcha Solanum aethiopicum, ndipo m'zaka za m'ma 1980 Richard Lester wa ku yunivesite ya Birmingham adazigawa m'magulu anayi. Zimene timadya zipatso zake, zoyera kapena zobiriwira, ndi za gulu la Gilo. Gulu la Shum amalilimira masamba, ndiye nakati wotchuka wa ku Uganda. Kumba ndi wa kumadzulo kwa Africa, wa zipatso zaphwatalala zamizeremizere, pamene Aculeatum ndi waminga ndipo sadyedwa kwenikweni. Anzathu a ku Zambia amati impwa, ndipo mumsika wa Soweto ku Lusaka zimakhala milumilu. Ku Tanzania ndi nyanya chungu kapena ngogwe. Zidawolokanso nyanja nthawi ya malonda a akapolo n'kukakhazikika ku Brazil, kumene mpaka lero amazidya pa dzina la jiló.

Bungwe la World Vegetable Center, lomwe lidatsegula nthambi yake ku Arusha mu 1992, lakhala likusankha mitundu yobereka bwino, monga DB3, ndipo ku Tanzania komweko kuli ina yotchedwa Tengeru White. Kwathu kuno kafukufuku wa ndiwo zamasamba ndi zipatso amachitikira ku Bvumbwe, mtunda wochepa kuchokera ku Limbe panjira ya ku Thyolo, ndipo ku Bunda aphunzitsi ndi ophunzira akhala akufufuza ndiwo zachikuda. Komabe mbewu imeneyi tidaisiya m'mbuyo. Tomato tidamupatsa mankhwala, mitengo yoimikira ndi malangizo a pawailesi, pamene zimphwa zimangomera pakona ya dimba ngati zongodzibweretsa zokha. Zikabereka pang'ono timati ndi chibadwa chake, chonsecho vuto ndi kasamalidwe.

Chimene ozula bowa amadziwa kale

Amayi ozula bowa sapita kukafuna manyame kapena ndelema m'munda wa chimanga. Amalunjika pansi pa mitengo ya mombo, tsamba ndi msuku, ndipo amadziwa kuti mitengoyo ikadulidwa bowayo amatha. Chifukwa chake n'chakuti chimene timazula n'kuphika ndi chipatso chabe. Thupi lenileni la bowa ndi timaulusi toyera toyanga m'dothi, ndipo bowa wa mitundu imeneyi timaulusi take timakuta mizu ya mtengo. Mtengo umamupatsa shuga wopangidwa m'masamba, iye amaubweretsera michere ndi madzi kuchokera kumene mizu siifika. Katswiri wa ku Germany, Albert Bernhard Frank, ndiye adafotokoza ubale umenewu mu 1885 nautcha mikoraiza.

Dziko lathu lidauphunzira ubalewu movutikira. Pamene atsamunda ankayesa kudzala mitengo ya paini kuno, mbande zambiri zinkangomera, n'kuchita chikasu, n'kupinimbira. Zidayamba kukula bwino atathira m'nazale dothi lochokera pamene paini adakhazikika kale, ndipo J. B. Clements, mkulu wa zankhalango ku Nyasaland, adalemba za nkhaniyi mu 1941. Njere za paini zidabwera zokha, bowa wake adatsala kwawo. Mpaka pano ogwira ntchito m'nazale za paini amasakaniza dothi la pansi pa mitengo yakale.

Zimphwa zilinso ndi bowa wake, koma wamtundu wina. Uyu satulutsa chipatso choti munthu angachione kapena kuchizula. Salekera kunja kwa muzu. Amalowa mkati mwenimweni, n'kupanga tinthambi ting'onoting'ono m'maselo a muzuwo, ndipo pa tinthambi timeneti ndi pamene kusinthana kumachitikira. Mwa mitundu khumi iliyonse ya zomera zapamtunda, pafupifupi isanu ndi iwiri imakhala ndi bowa ameneyu: chimanga, mapira, nyemba, khobwe, nandolo, chinangwa, anyezi, tomato, ndi udzu wambiri wam'tchire. Ubalewu ndi wakale zedi. M'miyala ya ku Rhynie ku Scotland, ya zaka zoposa 400 miliyoni, adapezamo zomera zokhala ndi tinthambi tomweti. Koma phindu lake pa ulimi lidayamba kuoneka bwino m'zaka za m'ma 1950, pamene Barbara Mosse ku England adaonetsa kuti mbande za maapozi zokhala ndi bowayu zinkakula kuposa zopanda.

Kuti timvetse chimene bowayu amachita, tiyenera kudziwa khalidwe la fosiforasi, mchere umene umalimbitsa mizu ndi kuthandiza maluwa ndi zipatso. Nayitrojeni amayenda ndi madzi m'dothi, n'chifukwa chake yureya amakokoloka mvula ikachuluka. Fosiforasi sayenda. M'dothi lofiira la katondo, ngati lomwe lili m'mapiri ozungulira Limbe, amagwidwa zolimba ndi ayironi ndi aluminiyamu. Muzu umayamwa amene ali pafupi, mamilimita amodzi kapena awiri kuzungulira, ukatha pamenepo umakhala ndi njala ngakhale mcherewo uli pompo, kutalika kwa chala chimodzi. Timaulusi ta bowa n'towonda kuposa tiubweya ta muzu, timalowa m'timing'alu tosaoneka, ndipo timafika masentimita angapo kutali ndi muzu. Timatenga fosiforasi, zinki ndi kopa n'kukapereka ku mbewu. Timamanganso dothi kukhala timibulu, zimene zimathandiza madzi kulowa pansi m'malo mothamanga pamwamba.

Ntchitoyi si yaulere. Mbewu imatha kupereka mpaka gawo limodzi mwa magawo asanu a chakudya chimene masamba ake apanga. Ndipo bowayu alibe kwina kodya. Sangakule pa zinyalala zowola ngati nkhungu zina. Popanda muzu wamoyo amangotsala ngati timbewu togona m'dothi, tomwe timachepa miyezi ikamapita.

Mmene timamuphera osadziwa

Pano ndi pamene nkhaniyi ikukhudza Bangwe mwachindunji, chifukwa zizolowezi zathu zambiri zapakhomo zimamutha bowayu.

Choyamba ndi ndiwo zomwe tazitchula poyamba zija. Mpiru, repu, chainizi ndi kabichi ndi za banja limodzi, ndipo banja limeneli silimulola bowayu kulowa m'mizu yake. Bonongwe nayenso amamulandira pang'ono chabe. Bedi limene lakhala likusinthana mpiru ndi repu zaka zitatu limakhala lopanda womudyetsa nthawi yonseyo. Mwini wake akawokerapo zimphwa, n'kuona zikunyentchera masabata oyamba, amati mbewu yake ndi yoipa.

Kenako pali kutentha bedi la nazale. Mwambo wounjika mapesi ndi udzu pabedi n'kuyatsa tidauzolowera pa ulimi wa fodya, ndipo uli ndi chifukwa chomveka: moto umapha njere za udzu, nyongolotsi zotupitsa mizu ndi nkhungu zowoletsa mbande. Koma moto susankha. Umapha ndi bowa wothandiza yemwe, moti mbande zimakula m'dothi lopanda adani komanso lopanda bwenzi. Sindikunena kuti aliyense aleke kutentha, makamaka pamene nyongolotsi zidavuta kale. Wotentha angodziwa kuti pali china chimene ayenera kubwezeramo.

Khasu nalonso limadula timaulusi. Kugalauza bedi lonse nthawi iliyonse yodzala, kusesa masamba n'kuwotcha, ndi kusiya dothi lambalambanda padzuwa kuyambira Meyi mpaka Novembala, zonsezi zimamuchepetsa. Pamapiri a Blantyre pali vuto linanso. Bowayu amachuluka m'dothi lapamwamba, ndipo ndilo limayamba kupita madzi akathamanga pamalo opanda mitengo. Mvula ya namondwe Freddy mu Malichi 2023 idakokolola dothi lochuluka m'mapiri a mzindawu, koma ngakhale mvula wamba imachita zomwezo pang'onopang'ono chaka ndi chaka. Tikamadzaza matumba, kawirikawiri timatenga dothi lokumbidwa pa maziko a nyumba kapena padzenje la chimbudzi chatsopano. Limenelo ndi dothi lapansi, ndipo mulibe pafupifupi chamoyo chilichonse.

Chomaliza ndi feteleza wokulitsa wochuluka. Mbewu ikapeza fosiforasi wambiri pafupi ndi muzu, imachepetsa chakudya chopita kwa bowa n'kumutsekera khomo. Madzi akafika pampopi wa pakhomo palibe amene amalipiranso womutungira kukiyosiki. Vuto limabwera feteleza uja akagwidwa ndi katondo kapena akasowa. Kuyambira pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabanja ambiri m'matauni amagula feteleza wa pambale kapena wa pakilo, ndipo ena adasiyiratu. Mbewu imatsala yopanda zonse ziwiri.

Kumuweta pakhomo

M'mayiko ena bowayu amagulitsidwa m'mapaketi, koma munthu angathe kumuchulukitsa yekha popanda kutulutsa ndalama. Chofunika ndi dothi limene lili naye kale, ndi mbewu zoti zimudyetse.

Dothilo litengedwe pamalo amene sanalimidwe kapena kutenthedwa kwa zaka zingapo: pansi pa udzu wa m'malire a munda, m'tsinde mwa mpanda wa zitsamba, kapena pansi pa nandolo wakale. La pansi pa paini kapena msuku silo tikufuna, popeza bowa wa mitengo imeneyo ndi wina. Pewaninso pamene padalimidwa tomato, mbatatesi, tsabola kapena fodya, chifukwa matenda ake ndi omwewo a zimphwa. Tengani pang'onopang'ono malo atatu kapena anayi, kuzama kosapitirira chikhatho ndi theka, pamodzi ndi timizu take, ndipo musakumbe pamtsetse pamene mungayambitse chigwembe. Sakanizani ndi mchenga wakumtsinje, muike m'thumba kapena m'ndowa yobooka pansi, mufesemo chimanga kapena mapira mothinana, ndi nyemba kapena khobwe pang'ono. Musathiremo feteleza. Njala ya fosiforasi ndiyo imachititsa mbewuzo kumuitana bowa.

Pakatha miyezi itatu dulani mbewuzo m'tsinde, musiye kuthirira kwa masabata awiri. Bowa akaona kuti womudyetsa akufa amabereka timbewu tambiri. Kenako khuthulani thumbalo, muduledule mizu tizidutswa ta sentimita imodzi, musakanize ndi dothi lomwelo. Musanatero yang'anitsitsani mizuyo. Timibulu ta pa mizu ya nyemba tomwe timathothoka mukatikhudza ndi chala ndi tabwino. Koma ngati muzu weniweniwo watupa mfundomfundo, mwatenga nyongolotsi, ndipo dothi lonselo litayidwe kutali ndi dimba. Kwa wa ku Bangwe amene madzi ake ndi ogula, nthawi yabwino yochitira izi ndi dzinja: kufesa mu Januwale, kudula mu Epulo, n'kusunga dothilo louma pamthunzi mpaka nthawi ya nazale.

Nazale ndi kuwokera

Pali njira zitatu zodzalira zimphwa, ndipo sizifanana. Kudzala njere pamalo pomwe zikulire kuli ndi ubwino wake: muzu waukulu suduka, ndipo ngati dothi lili ndi bowa, kambewu kamalumikizana naye kakangomera. Koma njere za zimphwa n'zazing'ono, pafupifupi 300 pa galamu imodzi. Pamtsetse mvula yoyamba imazikokolola, udzu umaziposa msinkhu, ndipo mbozi zodula mbande usiku zimamaliza zotsala. Njira yachiwiri, yomwe ambiri amatsata, ndi kufesa pabedi n'kuzula mbande. Pozula, timizu tating'ono timatsala m'bedi, ndipo ndi timeneto tomwe timayamwa ndi kusunga bowa. Mbande imafota, imakhala sabata imodzi kapena masabata awiri isanayambenso kukula.

Kwa munthu wa malo ochepa njira yachitatu ndiyo ndimaikonda: mbande iliyonse m'chubu chake. Sikofunika kugula machubu. Mapaketi a Chibuku, timatumba ta shuga ndi mabotolo apulasitiki odula pakati zimagwira ntchito, bola zibooledwe pansi. Dzazani ndi dothi lapamwamba, kompositi wowola bwino ndi mchenga pang'ono. Pakati pangani kadzenje, muikemo dzanja limodzi la dothi la bowa lija, ndipo njere ziwiri kapena zitatu zikhale pamwamba pake, zokwiriridwa mosapitirira sentimita imodzi. Cholinga n'chakuti muzu woyamba ukangotuluka udutse m'dothi limenelo. Kumuwaza pamwamba mbewu itakula kale n'kutaya nthawi, chifukwa bowayu amayenera kukhudzana ndi muzu. Njere zimamera pakati pa sabata imodzi ndi masabata awiri. Patulirani kuti itsale imodzi yamphamvu.

Mbande imakhala yoyenera kuwokera pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ikakhala ndi masamba asanu kapena kuposerapo ndi msinkhu wa masentimita pafupifupi 15. Sabata yomaliza chotsani mthunzi ndi kuchepetsa madzi kuti ikhwime. Wofuna kugwiritsa ntchito mvula afese mu Okutobala kuti awokere mvula ikakhazikika. Wothirira ayambe mu Ogasiti, chifukwa chiperoni cha Juni ndi Julayi chimazichedwetsa kukula.

Powokera musagalauze bedi lonse. Kumbani mapando okha, muikemo manja awiri a kompositi kapena manyowa a Mbeya, mung'ambe chubu, mbande ilowe ndi dothi lake lonse, madzulo kapena tsiku la mitambo. Zitosi za nkhuku zikhale zowola, chifukwa zaziwisi zimawotcha mizu. Mizere italikirane masentimita 75, ngati ya chimanga cha Sasakawa, ndipo mapando masentimita 50 kapena 60. Pa malo a mamita atatu m'lifupi ndi anayi m'litali mulowa mitengo mpaka 32, yoposa zofuna za banja limodzi. Anthu a malo ochepa amakonda kuthinitsa poganiza kuti akolola zambiri, koma zimphwa zothinana zimangotalika, maluwa n'kumayoyoka. M'thumba la makilogalamu 50 lopinda pakati mukhale mtengo umodzi wokha. Phimbirani ndi udzu kapena mapesi, ndipo m'mipata mudzalemo anyezi kapena nyemba zosayanga, zomwe zimamudyetsanso bowa, m'malo mwa mpiru.

Zimene bowayu sangachite

Mikoraiza sapanga mchere. Amangotola umene ulipo kale, choncho dothi lopanda manyowa likhalabe losauka. Ndi wosiyananso ndi inokyulanti wa soya amene alimi ambiri adamuzolowera, yemwe ndi mabakiteriya otenga nayitrojeni mumpweya. Zimphwa zimadya nayitrojeni wambiri zikayamba kubereka, ndipo chitsekerero chimodzi cha botolo cha CAN pa mtengo uliwonse, kapena madzi a manyowa onyika, zimathandiza kuti zisaleke msanga. Phindu la bowayu limaoneka kwambiri pamene dothi lidakokoloka, lidatenthedwa, kapena lidatopa ndi mpiru. M'dimba lakale la chonde, losagalauzidwa kawirikawiri, kusiyana kungakhale kochepa chifukwa alimo kale. Njira yodziwira za dothi lanu ndi kuika dothi la bowa m'theka la machubu okha, kuwokera m'mizere yosiyana, n'kumawerenga zipatso za mzere uliwonse pokolola.

Palinso nkhungu ina yothandiza yotchedwa Trichoderma, imene imakhala mozungulira mizu ndi m'kompositi wowola bwino. Iyo ntchito yake yaikulu ndi kulimbana ndi nkhungu zowoletsa mbande, zimene Richard Weindling adazionetsa mu 1932. Trichoderma ndi bowa wa m'mizu uja onse awiri amavulala mankhwala opha nkhungu akathiridwa m'dothi, choncho otsala popopera tomato asakhuthulidwe pabedi.

Bowa sateteza masamba ku kangaude wofiira, mdani wamkulu wa zimphwa mu Seputembala ndi Okutobala. Yang'anani kunsi kwa masamba kawiri pa sabata, muthothole ogwidwa, ndi kuwaza madzi kunsiko chifukwa kachilomboka kamakonda pouma ndi pafumbi. Zipatso zithyoledwe zikadali zoyera kapena zobiriwira, khungu likunyezimira. Zikafiira njere zimalimba, kuwawa kumawonjezeka, ndipo mtengo umachepetsa maluwa atsopano. Mtengo umodzi wokha, wobereka bwino kuposa yonse, ndiwo muusiyire zipatso zingapo kuti zipse mpaka kufiiratu. Zimenezo zifinyeni, njere zigone m'madzi tsiku limodzi kapena awiri, muzitsuke, muziyanike pamthunzi, ndipo zikhale masabata angapo musanazifese chifukwa zatsopano zimachedwa kumera.

Mitengo ikatopa, zulani umodzi muone mizu. Ngati yatupa mfundomfundo, kapena mitengo ina idafota mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, zulani yonse mukaiwotchere kutali. Ngati mizu ili bwino, yotsalayo ingodulani m'tsinde, mizu itsale m'dothi ndi bowa wake, ndipo pasanapite nthawi dzalanipo chimanga, nyemba kapena anyezi m'mipata ya zitsazo. Zimphwa, tomato, tsabola ndi mbatatesi zisabwererepo mpaka patadutsa zaka ziwiri kapena zitatu.